Kalata ya Kachete

"Ndiye mukufuna munthu wa boma akafika pakhomo pano, choyamba kumulonjera chikhale matiresi onunkha mikodzo?" anafunsa Atelala, phazi lili pa chopondera cha makina, maso ali pa msoko. "Akalembe m'mabuku mwawo kuti telala wa pamphambano uja, mwana mmodzi yemweyo wamukanika?"

"Sindinatero, bambo," anayankha mkazi wawo ataima pakhomo la chipinda chosokeramo, beseni lili m'manja. "Ndati alangizi a kuchipatala aja atiuza kuti munthuyo akabwera timuyankhe zoona zokhazokha."

"Zoona zake ziti? Mwanayu sakudya? Sakuvala? Kusukulu sakupita? Zoona ndi zimenezo."

"Nanga zinazo?"

"Zinazo ndi za m'nyumba. Ine ndalera anyamata awiri m'nyumba muno, onse ali pantchito lero, ndipo palibe wa boma anabwerapo ndi pepala kudzandifunsa ngati ndimadziwa kulera."

"Anyamata anuwo mayi wawo anali moyo."

Makina anaima. Atelala anadula ulusi ndi mano, ngakhale sizasi inali pafupi pomwepo.

Mseu wonse unkamutchula mkaziyu kuti Mayi Telala, ngakhale kuti chibadwire sanasokepo ndi batani lomwe. Ntchito yake inali yochapa nsalu za pabedi kunyumba yogona alendo ya kuseri kwa depoti, choncho fungo la mkodzo silinali lachilendo kwa iye ndipo silinkamuchititsa manyazi. Mwana ankakanganiranayo anali wa mng'ono wake. Anabwera chaka chathacho maliro a mayi wake atangotha, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, jumbo ya zovala m'manja, pakamwa potseka. Miyezi isanu yathunthu sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Ukamuitana ankabwera, ukamutuma ankapita, koma kuyankha ayi. Ana a pamseupo anamupatsa dzina loti Kachete, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka a m'nyumba omwe anayamba kumuitana choncho.

Amene anamutsegula pakamwa anali alangizi a ana, mayi wamfupi wa magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi, amene ankagwira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa chipatala. Zonse za m'kachipindamo linkalipira ndi boma: malipiro a alangiziwo, mapepala, utoto wojambulira, tiyi ndi buledi. Ana amene zinthu zinali zitangoyamba kuwasokonekera ankapitako masiku atatu pa sabata akaweruka kusukulu. Kachete anatha milungu yambiri akungojambula nyumba zopanda zitseko. Kenako tsiku lina anapempha utoto wobiriwira, kupempha ndi pakamwa. Mayi Telala atauzidwa analirira pabwalo la chipatala pomwepo, anthu n'kumaganiza kuti waferedwa. Kuchokera apo mawu anayamba kubwerera, lero awiri, mawa asanu. Chimene chinatsala chinali matiresi onyowa m'mawa uliwonse.

Ndiye mwezi umenewu ndalama zochokera kulikulu zinadulidwa. Pa ana makumi asanu ndi limodzi a m'kachipindamo, otsala anayenera kukhala makumi awiri okha, ndipo munthu wa kulikulu ankayenda nyumba ndi nyumba ndi fomu kuti asankhe. Kwa Atelala anali woti afike Lachisanu.

"Tamverani, mayi," anatero Atelala atatsitsa mawu, monga ankachitira akamauza kasitomala kuti nsalu yake yachepa. "Ine boma ndimalidziwa. Ndasokapo mayunifomu a amesenjala awo kwa zaka zambiri. Munthu wa boma akaona nyumba yadongosolo amati anthu awa ukawathandiza thandizolo silipita m'madzi. Akaona uve amati awa ngosatheka, n'kudumpha. Mukufuna mwanayu adumphidwe?"

"Alangizi sananene choncho."

"Alangiziwo ali ndi makasitomala? Ine anthu amandisiyira nsalu zaukwati chifukwa dzina langa ndi loyera. Zikamveka kuti kwa telala kuli mwana wosokonekera mutu, mudzawabweretsa ndinu anthu pano?"

"Mwanayu sanasokonekere mutu."

"Ndiye zimenezo ndi zimene tikamuuze munthuyo."

Mayi Telala anatuluka. Ananyamula matiresi aja n'kukawayanika kuseri kwa nyumba, pamwamba pa migolo, pamene wodutsa mumseu sakanawaona. Anadziuza kuti wachita zimenezo kuti phokoso lithe basi, Lachisanu likafika adzanena zonse.

Atelala anasiya suti ya munthu ili theka n'kutha masiku awiri akusokera Kachete diresi la nsalu zotsala, la kolala yoyera ndi matumba awiri. Kunena zoona linali diresi lokongola, ndipo mwanayo ataliyesa anazungulira kamodzi pagalasi. Lachisanu m'mawa pansi panakolopedwa kawiri. Patebulo panayalidwa nsalu imene inkatuluka m'sutikesi pokhapokha kukabwera apongozi a anyamata aja. Atelala anamuyeserera mwanayo mayankho mpaka anawaloweza.

Munthuyo anafika dzuwa litapendeka. Anali mnyamata wa tayi, nsapato zili mbuu ndi fumbi, ndipo anati nyumba imeneyi inali yachisanu ndi chinayi tsiku limenelo. Kachete anabweretsa tiyi pa thireyi osataya ngakhale dontho. Mayi Telala anafuna kumuuza kuti apite panja akasewere, koma Atelala anamulozera kampando ka pakona.

"Khala pomwepo, alendo akuone bwino."

Mnyamatayo anatulutsa fomu n'kuyamba kuwerenga mafunso ndi mawu a munthu amene wawawerenga kambirimbiri.

"Makolo ake omubereka ali moyo?"

"Onse anatisiya," anatero Atelala. "Koma pano ali ngati kwawo."

"Amagona ndi njala masiku ena?"

"M'nyumba muno? Ayi."

"Anajombapo kusukulu masiku opitirira asanu teremu ino?"

"Ngakhale limodzi."

"Anasiyapo kudya, kusewera kapena kuyankhula kwa nthawi yaitali?"

Mayi Telala anatsegula pakamwa, koma mwamuna wake anali atayamba kale kuseka.

"Ameneyu ndi wofatsa chabe, achimwene. Ana a masiku ano akakhala aulemu anthu amati akudwala. Tamufunseni nokha."

Mnyamatayo anatembenukira kukona. "Uli bwanji, mtsikana? Kusukulu zikuyenda?"

"Ndili bwino, zikomo. Zikuyenda bwino, zikomo," anatero Kachete, ndendende mmene anamuphunzitsira.

Cholembera chinayenda. Kenako mnyamatayo anayang'ana Mayi Telala. "Ili ndi lanu, amayi. Kodi mwanayu amakodza pogona?"

Apa ndi pamene Mayi Telala ankadikirira sabata yonse, ndipo yankho linali pamilomo. Koma anapezeka wayang'ana kukona. Kachete anali atapisa manja onse m'matumba a diresi latsopano lija, maso ali tong'o pa mayi ake aakulu. M'mawa uliwonse awiriwa ankachotsa nsalu zonyowazo mwakachetechete Atelala asanadzuke, ndipo m'mawa uliwonse Mayi Telala ankamuuza mawu omwewomwewo, kuti izi ndi za ine ndi iwe, palibe wina adzazimve. Tsopano anayenera kuzinena pamaso pa mwamuna wachilendo wa tayi, mwini wake ali pomwepo atavala kolala yoyera. Mtima unamukanika.

"Ayi," anatero. "Analeka kalekale."

Mapewa a Kachete anatsika pang'ono. Mnyamatayo anamaliza tiyi wake n'kupinda fomu.

"Nyumba zonse zikanakhala ngati ino, ntchito yanga ikanapepuka," anatero akuimirira.

Atelala anasangalala mpaka anamusokera ulere batani la jekete limene linkalendewera, n'kumuperekeza mpaka pamphambano.

Mayina a ana otsala anatuluka patatha sabata, atamatidwa pachitseko cha kachipinda kaja. Mayi Telala anawawerenga kuchokera pamwamba kutsika, kenako kuchokera pansi kukwera, chala chikuyenda pa pepala. Kachete anali ataima kumbuyo kwake ndi chikwama cha kusukulu. Alangizi anatuluka atagwira fomu ija, nkhope itagwa.

"Mayi, munandiyankhira chiyani apa? Ndinakuuzani kuti chiyani ine?"

"Zinandivuta, alangizi. Mwanayu anali pomwepo."

"Taonani. Funso lililonse mukayankha kuti eya, mwana amapeza mamalikisi. Amene mamalikisi ake achuluka ndi amene watsala. Wanuyu wapeza a umasiye okha. Malinga ndi pepala ili, mwana ameneyu alibe vuto lililonse."

"Ndiye amene atsalawa ndi otani?"

"Ambiri ali ndi kalata ya apolisi. Wina anaswa sitolo, wina anabaya mnzake ndi botolo. Mwana wa kalata ya apolisi fomu simufunsa kawiri, amalowa basi."

"Ndiye kuti mwana ayambe wawonongeka kaye kuti mumulandire?"

"Musati ine, mayi. Ine ndinawauza kulikulu kuti ntchito ya chipinda chino ndi kumugwira mwana asanagwe. Anandiyankha kuti ndalama zimene zatsala ndi za amene agwa kale."

"Sangamabwere kudzangokhala pakona? Tiyi asamwe, buledi asadye. Mapepala ndizimugulira ndekha."

Alangizi anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi chikhatho. "A kulikulu amabwera modzidzimutsa kudzawerenga mitu. Akapeza wa makumi awiri ndi mmodzi, akuti atseka chipinda chonse. Ndikanakhala ndi njira, mwana wanuyu ndiye woyamba. Ndi amene anatsala pang'ono kuchira."

Analowa m'kati n'kutuluka ndi mpukutu wa zojambula za Kachete, womangidwa ndi lastiki. Mwanayo analandira ndi manja awiri. Vuto la mwana wachete ndi loti akuluakulu amaiwala kuti ali ndi makutu. Awiriwa anayankhula zonsezi ngati kumbuyo kwawo kunaima mtengo.

Mawa lake Mayi Telala anapempha theka la tsiku kuntchito n'kukwera basi kupita kulikulu. Anakhala pabenchi maola atatu. Kalaliki wa pawindo anamumvetsera mwaulemu ndithu, kenako anamuuza kuti mafomu analowa kale m'kompyuta ndipo sasinthidwa mpaka chaka chamawa, pokhapokha pabwere kalata yatsopano yochokera kupolisi kapena kukhoti.

"Koma ine ndinanama," anatero Mayi Telala. "Ndabwera kudzakonza bodza langa."

"Aliyense amene mwana wake wachotsedwa akunena zomwezo, amayi," anayankha kalalikiyo, n'kuitana wotsatira.

Kunyumba Atelala anaimva nkhaniyo akusita thalauza.

"Ndiye kuti wachira," anatero. "Boma lenilenilo lamuyeza n'kupeza kuti ali bwino. Inu mukanasangalala."

"Boma layeza diresi lanu, bambo."

"Ine ndi amene ndinati sakodza pogona?"

Chimene chinamupweteka kwambiri Mayi Telala n'chakuti pamenepa mwamuna wakeyo sananame. Ankafuna munthu womukwiyira, koma kulikonse kumene ankatembenukira ankadzipeza yekha.

Mawu a Kachete anayamba kuchoka monga anabwerera, pang'onopang'ono. Choyamba anasiya kufotokoza za kusukulu. Kenako anasiya kuyankha moni wa m'mawa, n'kumangogwedeza mutu. Pofika sabata yachiwiri m'nyumba munkangomveka makina osokera. Mayi Telala anagula mapepala ndi makrayoni n'kuziika patebulo, koma zinakhala pomwepo mpaka Atelala anayamba kulembapo miyeso ya makasitomala.

Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu mwanayo ankachedwa kufika kuchokera kusukulu. Tsiku lina Mayi Telala poweruka anadzera kuchipatala, n'kumupeza kuseri kwa kachipinda kaja ataponda pa njerwa, chibwano chili pa zenera. Sanali yekha. Panali ana ena atatu ochotsedwa, aliyense pa njerwa yake, akuonerera anzawo akujambula m'kati. Mayi Telala sanamukalipire. Anangomugwira dzanja n'kumapita.

Loweruka lotsatira wagolosale wa pamphambano anafika pakhomo atagwira Kachete padzanja, akuseka.

"Atelala, mwana wanuyu wandiseketsa lero. Walowa, ine ndili pakauntala ndikumuona, watenga loko wamkulu uja, wayenda mpaka pakhomo, ndiye waima. Osathawa ayi. Wangoima n'kumandiyang'ana. Makiyi ake wawasiya pashelefu pomwepo."

Atelala anaimirira, tepi yoyezera ili m'khosi. "Wakuba? M'nyumba mwanga?"

"Aaa, musatero. Wakuba amaima pakhomo? Mwina dzuwa lamutentha mutu."

"Ndikukupemphani, achimwene, nkhani imeneyi isapite patali."

"Ipite kuti? Ine ndipite kupolisi chifukwa cha loko, mwana wake wa inu? Zatha izi. Iwe, usadzabwerezenso, wamva?" Anamusisita Kachete pamutu, n'kumupatsa switi pamwamba pake.

Mwanayo anayang'ana switiyo ngati amupatsa mwala. Wagolosale atapita, Atelala anavula lamba, koma Mayi Telala anaima pakati.

"Mukamumenya mumenye ine kaye."

"Ndiye mumufunse kuti loko wopanda makiyi amafuna akatseke chiyani!"

Anamufunsa, mofatsa, mobwerezabwereza, atakhala naye pabedi. Kachete ankangoyang'ana khoma. Mayi Telala anaganiza zambiri masiku amenewo, zoti mwina ana ena amutuma, mwina akufuna kudzitsekera m'chipinda, koma zoona zake sizinamufike m'mutu.

Lachinayi masana, ali pakati pofinya nsalu, foni inalira. Anali Atelala, mawu akutuluka modukaduka, kuti abwere msanga kupolisi.

Anawapeza m'chipinda cholandirira anthu. Zenera lakutsogolo linali litaphwanyika, magalasi atasesedwera pakona, ndipo patebulo la asajeni panali theka la njerwa. Kachete anali pabenchi, yunifomu ili bwinobwino, manja pamaondo. Atelala anaima pafupi ndi khomo atagwira chipewa ndi manja awiri. Asajeniwo anali bambo wachikulire wamimba, amene mathalauza ake onse anakulitsidwapo m'chiuno pa makina a Atelala.

"Khalani pansi, mayi, palibe wavulala," anatero asajeni. "Ine zaka zonse ndagwira ntchitoyi sindinaonepo zotere. Masanasana, ife tili m'kati muno, tangomva phwaa! Kutuluka panja kuti tithamangitse munthu, tapeza kamtsikana katakhala pa sitepe, kakutidikira. Tafunsa dzina, duu. Mwayi wake wapolisi wina wakazindikira kuti ndi ka kwa telala."

"Bwana, galasilo ndiika ndekha mawa lomwe," anatero Atelala. "Ndikupepesa ndi mtima wonse. Mwanayu ndi wamasiye."

"Ndamva kale zimenezo. N'chifukwa chake sindikufuna kulemba. Buku ili," anamenya chikuto chake ndi chikhatho, "dzina likalowamo silituluka. Adzafuna ntchito ali wamkulu, wina adzatsegula n'kulipeza. Galasi ndi galasi. Mutengeni muzipita, mukamulangize kunyumba."

Atelala anatsala pang'ono kugwada. Anathokoza katatu, n'kutembenukira kubenchi. "Tiye. Thokoza abwana."

Kachete sanaimirire. Atelala anamugwira pamkono, koma mwanayo anakakamira thabwa la benchi ndi manja onse awiri. Anamukoka, benchi n'kusuntha naye limodzi.

"Iwe, wandichititsa manyazi okwanira lero. Dzuka!"

"Kalata."

Liwulo linatuluka lokhakhala, ngati chitseko chimene chakhala nthawi osatsegulidwa. Onse anaima.

"Wati chiyani?" anafunsa asajeni.

Kachete anawayang'ana m'maso. "Ndikufuna kalata ya apolisi."

Mayi Telala anakumbukira tsiku la mayina lija. Anaona chitseko cha kachipinda kaja, pepala la mayina, alangizi akufotokoza, ndi mwana ataima kumbuyo kwawo ndi chikwama. Anaonanso loko wopanda makiyi uja. Anakhala pabenchi pafupi ndi mwanayo.

"Bwana," anatero, "mwanayu sanapenge. Anachotsedwa kuchipinda cha ana cha kuchipatala chifukwa fomu inati alibe vuto. Anamva alangizi akundiuza kuti mwana wa kalata ya apolisi amalowa osafunsidwa. Anayesa kugolosale, anamukhululukira. Ndiye wabwera kwa eni ake a kalatayo."

Asajeni anayang'ana njerwa ija, kenako mwanayo. "Zoona zimenezi, mtsikana?"

Kachete anagwedeza mutu kuvomera.

"Lembani, bwana," anatero Mayi Telala.

"Mayi, mukudziwa chimene mukupempha? Ndangokuuzani kumene za buku ili."

"Ndamva. Koma mukamukhululukira lero, mawa adzafuna china chachikulu kuposa zenera, choti musathe kumukhululukira. Ine ndikumudziwa. Sasiya."

Asajeni anapumira m'mwamba n'kutsegula bukulo. "Pafunika womuyang'anira asayine. Pa mapepala a sukulu analembedwa ndani?"

Analembedwa Atelala. Onse anatembenukira kwa iwo. Bamboyo anali akuzunguza chipewa m'manja, akuyang'ana panja kudzera pa zenera loswekalo, pamene anthu a pamseu anali atayamba kale kusonkhana. Pakati pawo panali mayi wina amene nsalu yaukwati ya mwana wake inali pa makina tsiku lomwelo. Mayi Telala anadikira kuti amve za dzina loyera lija. M'malo mwake Atelala anaika chipewa patebulo, pafupi ndi njerwa.

"Lembani," anatero. "Lembani zonse. Lembani kuti mwanayu anakhala miyezi isanu osayankhula. Lembani kuti munthu wa boma atabwera ine ndinamusokera diresi kuti zisaoneke."

"Zimenezo si za buku lino, Atelala. Muno timalemba za galasi."

"Ndiye lembani za galasizo."

Asajeni analemba pang'onopang'ono, akufunsa zaka ndi kalasi, kenako anakopera pa pepala lina n'kudinda chidindo. Atelala anasayina ndi dzanja lomwe silinaphonyepo msoko. Kachete analandira kalatayo, anaipinda kawiri n'kuiika m'thumba la yunifomu. Kenako anaimirira yekha.

Alangizi anaiwerenga mawa lake ataima pakhomo. Anaiwerenga kawiri, ndipo sanafunse kuti zinatheka bwanji.

"Malo alipo amodzi," anatero. "Mnyamata wa botolo uja amupititsa kosungira ana olakwa. Abwere Lolemba." Kenako anawonjezera motsitsa mawu. "Ndakhala pano zaka zisanu ndi ziwiri kuti ana asamafike kupolisi. Lero ndikuwalandira ndi chidindo cha kupolisi."

Lolemba Mayi Telala anapempha kuweruka msanga kuti amuperekeze yekha. Kachete anavala diresi la kolala yoyera lija mwa kufuna kwake, mpukutu wa zojambula uli m'khwapa. Panjira anayankha mafunso awiri, limodzi la njala, lina la nsapato, ndipo Mayi Telala anamva mtima ukukhala pansi koyamba m'mwezi wathunthu.

Atafika, alangizi anamuitana Mayi Telala kuti asayine pepala lolandirira mwana. Akusayina anazindikira kuti Kachete sanalowe. Anatuluka n'kuzungulira kuseri.

Ana a pazenera aja analipo, aliyense pa njerwa yake. Kachete anali ataima ndi wamng'ono kwambiri mwa iwo, mwana wa wometa tsitsi wa kudepoti, wazaka zisanu ndi ziwiri, amene mayi wake anathawa chaka chomwecho. Mayi Telala anaima pakona. Kachete ankayankhula. Sanali mawu awiri kapena atatu ayi, koma ziganizo zathunthu, zotsatana bwino, zimene Mayi Telala anakhala akuzipempherera chaka chonse.

"Kugolosale usapiteko, amangokukhululukira," ankatero Kachete. "Upite kupolisi kwenikweniko, masana, onse ali m'kati. Usankhe njerwa yoti uikwanitse kunyamula. Ukaponya usathawe, ukhale pansi. Akakuuza kuti uzipita, ukane."

Alangizi anaitana dzina lake kuchokera m'kati, ndipo Kachete anathamangira kukhomo, diresi likuuluka. Mwana wa wometa uja anatsika pa njerwa imene anapondapo, anawerama, n'kuinyamula ndi manja awiri kuti aone kulemera kwake.